Kodi Ubongo Wovulala Ungapole? Langizo kwa Ofuna Kufufuza

Tsiku lina ndili kuphunzitsa za mitsempha m'kalasi la Folomu 4, mtsikana wina wofatsa, amene kawirikawiri sayankhula, adakweza mkono nandifunsa kuti: "Aphunzitsi, munthu akadzitema ndi chikwanje chilonda chimapola, fupa likathyoka limalumikizana. Nanga bwanji agogo anga chigwereni ndi sitiroko, zaka zitatu tsopano, mkono wawo sudadzukebe?" Ndidamuyankha monga momwe buku linenera, kuti maselo a muubongo akafa sabweranso. Iye sadakhutire. Adafunsanso kuti: "Ndiye kuti palibe amene akuyesa?" Belu lidandipulumutsa, koma funsolo lidanditsata mpaka kunyumba, ndipo ndilo ndafuna kuti tikambirane lero pa tsamba lino.

Yankho lake ndi lakuti alipo amene akuyesa, ndipo ambiri mwa iwo ndi anyamata ndi atsikana amene adatsiriza digiri yoyamba napitiriza maphunziro a kafukufuku. Maganizo anga ndi akuti ana athu amene mtima wawo uli kumeneko tiwalimbikitse kulowa m'ntchitoyi, koma tiwauze zoona zake zonse: kuti ndi ntchito yoyenda pang'onopang'ono, yofuna munthu wodekha ndi wokhulupirika koposa wongochenjera pa mayeso, ndiponso kuti wolowamo pofuna kutchuka msanga, kapena pofuna kuchiritsa agogo ake chaka chamawa, adzatulukamo ali wogwa mphwayi. Paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tiyambe ndi vuto lenilenilo. Ubongo wa munthu uli ndi maselo onyamula mauthenga pafupifupi mabiliyoni 86, ndipo selo lililonse limagwirana ndi anzake ambirimbiri kudzera m'timinyewa tonga ulusi. Khungu ndi magazi zili ndi maselo ena apadera amene ntchito yawo ndi kubala: selo lotere likagawika pawiri, limodzi limatsala monga momwe lidaliri, linalo limakasanduka selo la khungu kapena la magazi. Pa Chingerezi amawatcha stem cells. Ife tiwatche maselo a tsinde, pakuti ali ngati chitsa chimene chimaphukira mtengo ukadulidwa. Ubongo wa munthu wamkulu uli ndi maselo otere ochepa zedi, ndipo pamene pavulala pamamera chipsera chimene chimatchinga timinyewa tija kuti tisadutse. Tsono wodwala sitiroko akayamba kupezako bwino, makamaka ngati akuchita mafizo mwakhama, ndiye kuti maselo otsala aphunzira kugwira ntchito ya anzawo. Akufa aja sadadzuke ayi.

Santiago Ramón y Cajal, dokotala wa ku Spain amene adalandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 1906 chifukwa chofotokoza mamangidwe a mitsempha, adagamula kuti minyewa ya muubongo wa munthu wamkulu ikafa yafa, ngakhale adasiya khomo pang'ono ponena kuti mwina ofufuza a m'tsogolo adzasintha chigamulocho. Popeza adali katswiri wolemekezeka, mawu ake adasanduka lamulo. M'chaka cha 1962 ndi zaka zotsatira, Joseph Altman wa ku America adapeza zizindikiro zakuti m'ubongo wa makoswe aakulu mumabadwa maselo atsopano, koma anzake sadamusamale. M'zaka za m'ma 1980 Fernando Nottebohm adaonetsa zomwezo m'ubongo wa mbalame zoyimba. Mu 1992 wophunzira wina pa yunivesite ya Calgary ku Canada, Brent Reynolds, pamodzi ndi mphunzitsi wake Samuel Weiss, adatapa maselo a tsinde m'ubongo wa mbewa zazikulu nawameretsa m'mbale ya m'labotale. Mu 1998 Peter Eriksson wa ku Sweden ndi Fred Gage wa ku America adalengeza kuti apeza maselo ongobadwa kumene m'chigawo cha ubongo wa munthu chothandiza kukumbukira. Tawerengani, awerengi: kuchokera 1962 kufika 1998 ndi zaka 36. Ndipo mlanduwo sudathere pomwepo, pakuti mu 2018 magulu awiri a akatswiri adatulutsa malipoti otsutsana pa funso lakuti maselowo amabadwa ochuluka bwanji mwa munthu wamkulu. Umu ndi momwe nzeru za sayansi zimayendera.

Popeza ubongo sungadzikonze wokha mokwanira, ofufuza adayamba kuganiza zopanga maselo kunja ndi kuwabzala m'katimo. Koma nanga mbewu yake ikachokera kuti? Mu 1998 James Thomson wa ku Wisconsin adakwanitsa kusunga ndi kuchulukitsa maselo a tsinde otengedwa m'mluza wa munthu wa masiku ochepa, maselo otha kusanduka chiwalo chilichonse. Anthu ambiri a chipembedzo ndi ena otero sadakondwe nayo njirayi, chifukwa mluzawo umawonongeka. Mu 2006 Shinya Yamanaka wa pa yunivesite ya Kyoto ku Japan adatulukira njira ina. Iye adali ndi majini 24 amene ankawaganizira kuti angabwezere selo lokhwima ku ukhanda. Kazutoshi Takahashi, amene adalowa m'labotale yake ali wophunzira, adathira onse 24 m'maselo a mbewa, kenaka nkumachotsapo limodzilimodzi, mpaka adatsala ndi anayi okha ofunikira. Chaka chotsatira adachita chimodzimodzi ndi maselo a khungu la munthu. Kuyambira pamenepo kachidutswa ka khungu kapena timadontho ta magazi tingathe kusandutsidwa maselo a tsinde, ndipo maselowo nkuwalera mpaka asanduke maselo a muubongo.

Yamanaka adalandira mphotho ya Nobel mu 2012 pamodzi ndi John Gurdon wa ku England, amene mu 1962 adaonetsa pa achule kuti selo lokhwima limasungabe malangizo onse opangira chamoyo chathunthu, ntchito imene adaiyamba ali wophunzira pa Oxford. Aphunzitsi anzanga, nkhani ya Gurdon ikutikhudza ife. Ali ndi zaka 15 pa sukulu ya Eton adakhala wotsiriza pa anyamata 250 m'phunziro la bayoloje, ndipo mphunzitsi wake adalemba pa lipoti kuti maganizo ake ofuna kudzakhala wasayansi adali opusa ndi ongotayitsa nthawi. Gurdon adasunga lipotilo naliika m'felemu mu ofesi yake. Nthawi iliyonse pamene ndikulemba ndemanga pa lipoti la mwana, ndimakumbukira felemu imeneyo, dzanja nkuyamba ladekha.

Tsopano tione pamene ntchito yobzala maselo yafika, ndipo chitsanzo chomveka bwino ndi matenda a Parkinson, aja onjenjemeretsa manja ndi kuumitsa thupi. Matendawa amadza pamene maselo opanga madzi otchedwa dopamine akufa m'kachigawo kamodzi kakang'ono ka ubongo. Popeza akufawo ndi a mtundu umodzi, ndipo malo ofunika dopamine ndi odziwika, ofufuza adaona kuti pano ndi poyambira pabwino. Mu 1987 ku Lund m'dziko la Sweden, Anders Björklund ndi Olle Lindvall pamodzi ndi anzawo adayamba kubzala m'ubongo wa odwala maselo otengedwa kwa ana osabadwa. Odwala ena adapeza bwino kwa zaka zambiri. Koma mayeso okhwimirapo amene adachitika ku America, omwe malipoti ake adatuluka mu 2001 ndi 2003, sadaonetse phindu lokhutiritsa, ndipo odwala ena adayamba kugwedezeka thupi mosaletseka. Ntchito idaima kwa zaka zingapo. Ofufuza adabwerera m'labotale kukafunsa chimene chidalakwika, nakhala zaka zoposa khumi akuphunzira kupanga maselo a dopamine oyera bwino kuchokera ku maselo a tsinde. Mu 2018 gulu la Jun Takahashi ku Kyoto lidayamba kubzala maselo otere mwa odwala. Mu 2023 gulu la Malin Parmar ku Lund, mogwirizana ndi Roger Barker wa ku Cambridge, lidayambanso mayeso ake. Mu April 2025 magazini ya Nature idasindikiza malipoti awiri: la ku Kyoto la odwala 7, ndi la gulu la Lorenz Studer ndi Viviane Tabar a ku New York la odwala 12. Malipoti onse awiri adaonetsa kuti maselowo adakhala ndi moyo, sadasanduke chotupa, ndipo odwala ena adapezako bwino. Imeneyi ndi nkhani yokondweretsa, koma taonani kuchepa kwa chiwerengerocho: anthu 19, patapita zaka 38 chiyambireni ku Lund.

Nanga sitiroko, imene idagwetsa agogo a mtsikana uja? Pamenepa mpovuta koposa. Mtsempha wa magazi ukatsekeka kapena kuphulika, pamafa maselo a mitundu yambiri nthawi imodzi, pamodzi ndi njira zonse zimene ankalumikizirana. Parkinson ili ngati mudzi umene mwafa osula okha. Mutabweretsa osula ena, makasu ayambanso kupezeka. Sitiroko ili ngati mudzi umene wapsa wonse, nyumba, nkhokwe ndi milatho yomwe. Kutulapo anthu achilendo sikubwezeretsa mudziwo, pakuti sadziwa njira ya kudambo kapena khomo la mfumu. Mayeso ena aakulu ku Japan, a odwala sitiroko oposa 200, omwe lipoti lake lidatuluka mu 2024, sadapeze kusiyana kwenikweni pakati pa olandira maselo ndi osalandira. Wophunzira wolowa m'ntchitoyi adziwiretu kuti mayankho ambiri amene adzapeza adzakhala akuti "ayi", ndi kuti "ayi" wopezedwa moona ndi wamtengo wapatali, chifukwa amatseka njira yosokeretsa kuti ena asatayemo nthawi.

Ndanenetsa za kukhulupirika chifukwa ntchito imeneyi idaonapo zamanyazi. Hwang Woo-suk wa ku South Korea adatchuka dziko lonse mu 2004 ndi 2005 ponena kuti wapanga maselo a tsinde ofanana ndi a odwala, koma yunivesite yake itafufuza idapeza kuti zotsatirazo zidali zopeka. Mu January 2014 ofufuza ena ku Japan adalengeza kuti kungoviika maselo m'madzi owawasa kumawasandutsa maselo a tsinde. Anzawo m'maiko ena atayesa adalephera, zithunzi zina zidapezeka zachinyengo, ndipo pofika July chaka chomwecho malipotiwo adachotsedwa. Kunja kwa mayunivesite nakonso kuli amalonda ogulitsa "mankhwala a maselo" osayesedwa kwa anthu osowa pogwira. Mu 2015 amayi atatu okalamba ku Florida adalipira ndalama kuti awabaye m'maso maselo otengedwa m'mafuta a thupi lawo, ndipo onse atatu maso adawonongeka kwambiri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pano wina anditsutsa, ndipo ndikumva kale mawu ake: "Inu aphunzitsi, m'zipatala zathu nthawi zina mumasowa ndi mankhwala a kuthamanga kwa magazi omwe, ana akufa ndi malungo, bwanji mukutuma ana athu anzeru kukaweta maselo ku Kyoto?" Mtsutso umenewu ndi wolemera, ndipo mbali ina ndikuuvomereza. Lero lino kuyeza kuthamanga kwa magazi, kuchepetsa mchere, kuleka fodya ndi kumwa mankhwala mokhulupirika kungapulumutse anthu ochuluka ku sitiroko koposa maselo onse a m'malabotale a dziko lapansi. Ndalama zambiri za boma ziyenera kupita kumeneko, ndipo ophunzira athu ambiri ayenera kukhala madokotala, anamwino ndi akatswiri a mafizo. Sindikunena kuti onse athamangire ku maselo a tsinde. Ndikunena kuti pakhale owerengeka, pa zifukwa ziwiri.

Choyamba, mtundu wopanda munthu wodziwa nzeru inayake sungathe kudziteteza kwa ogulitsa nzeruyo. Tsiku limene wamalonda adzafika ndi botolo nanena kuti muli maselo ochiritsa sitiroko, khunyu ndi ukalamba womwe, adzamufunsa mafunso oyenera ndani? Adzalangiza boma pa malamulo ake ndani? Chachiwiri, amene sakhala pabwalo mlandu wake sukambidwa. Maselo ambiri amene asungidwa m'malabotale aakulu adatengedwa kwa anthu a mtundu wa ku Ulaya, chonsecho anthu a mu Africa ndiwo osiyanasiyana kwambiri m'majini awo kuposa anthu a kwina kulikonse. Mu 2023 ofufuza a maiko angapo, kuphatikizapo Njideka Okubadejo wa pa yunivesite ya Lagos, adapeza kusintha kwina m'jini lotchedwa GBA1 kumene kumawonjezera chiopsezo cha Parkinson mwa anthu a ku Nigeria ndi ena a mtundu wa mu Africa, kusintha kumene kafukufuku wa pa Azungu sadakuone. Kwathu konkuno, pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, Karl Seydel, Terrie Taylor ndi anzawo adajambula ubongo wa ana 168 odwala malungo a muubongo, ndipo mu 2015 adaonetsa kuti ambiri mwa ana omwalirawo ubongo wawo udali utatupa kwambiri. Ana ena opulumuka malungo otere amatsala ndi khunyu kapena kuvutika kuphunzira. Funso lakuti maselo a muubongo wa mwana wotere amawonongeka motani, ndipo angatetezedwe bwanji, ndani adzalifunsa ndi mtima wonse ngati si mwana wobadwira kuno? Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Chida chofunsira mafunso otere chilipo kale. Mu 2011 ku Vienna, Madeline Lancaster, wofufuza wachitsikana m'labotale ya Jürgen Knoblich, adaona kuti maselo ake akukana kumata pansi pa mbale, m'malo mwake akuundana timibulu. Ena akadataya mbaleyo. Iye adayang'anitsitsa, napeza kuti timibuluto tikudzikonza tokha monga ubongo wa mwana wosabadwa, kukula kwake ngati njere ya mphodza. Mu 2016 timibulu totere tidathandiza kuonetsa momwe kachilombo ka Zika kamaphera maselo a tsinde a muubongo, mwana nkubadwa ndi mutu waung'ono. Iye sadatulukire zimenezi chifukwa cha makina okwera mtengo. Adali ndi diso losanyozera chachilendo.

Tsono inu amene mwangotsiriza sukulu, njira yake ndi yotani? Poyamba limbikirani bayoloje, kemisitile, fizikisi ndi masamu, osaiwala Chingerezi, pakuti wofufuza amakhala theka la moyo wake akuwerenga ndi kulemba. Digiri yoyamba ingakhale ya bayoloje, ya udokotala, ya za mankhwala kapena ya ntchito za m'labotale, monga zimene zimaphunzitsidwa ku Kamuzu University of Health Sciences ndi m'mayunivesite ena. Mukatsiriza, funani malo ogwirako ntchito ya kafukufuku ngakhale a malipiro ochepa, ngakhale kafukufukuyo akhale wa malungo kapena chifuwa chachikulu, monga amene amachitika ku Malawi-Liverpool-Wellcome Programme ku Blantyre. Manja ozolowera kusamala zida, kuyeza molondola ndi kulemba m'kaundula chilichonse chimene chachitika ndi amodzimodzi kulikonse, ndipo kalata ya umboni yochokera kwa amene adakuonani mukugwira ntchito imalemera kuposa satifiketi yokha. Phunziraninso kusanthula manambala pa kompyuta, chifukwa zotsatira zambiri za kafukufuku wa maselo zimaikidwa pa intaneti kwaulere, ndipo munthu angathe kuzisanthula ali ku Zomba kapena ku Mzuzu.

Pambuyo pake pamadza digiri yachiwiri, kenaka ya PhD, imene imatenga zaka 3 kapena 4 ku Ulaya ndi zaka 5 kapena 6 ku America. Musagulitse ng'ombe za abambo anu pofuna kulipira PhD ya sayansi. Ku Sweden, Denmark, Norway ndi Netherlands wophunzira PhD kawirikawiri amalembedwa ntchito nalandira malipiro, ndipo mayunivesite ambiri a ku America amalipirira ophunzira otere fizi ndi kuwapatsa ndalama zodyera. Pali thandizo la Beit Trust la ophunzira a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, la Commonwealth, la DAAD la ku Germany ndi la boma la Japan. Bungwe la IBRO limachititsa maphunziro aafupi a za ubongo m'maiko a mu Africa, ndipo yunivesite ya Cape Town ili ndi malo akeake ofufuzira za ubongo. Malamulo a mathandizo amenewa amasintha chaka ndi chaka, kotero werengani nokha zolengeza zawo. Polembera mkulu wa labotale, yambani mwawerenga malipoti ake awiri kapena atatu, ndipo m'kalatamo mufunse funso loonetsa kuti mwawerengadi. Kalata imodzi yotero iposa makalata zana ofanana. Akakulandirani, funsaninso ophunzira ake akale kuti munthuyo amasunga bwanji anthu ake, pakuti mudzakhala m'manja mwake zaka zambiri, kutali ndi abale. Safunsa adadya phula. Ndipo ngati chikumbumtima chanu sichilola kugwira maselo ochokera m'miluza, nenani poyera pachiyambi. Malabotale ambiri amagwiritsa ntchito njira ya Yamanaka.

Dziwaninso moyo wake wa tsiku ndi tsiku. Maselo a tsinde ali ngati khanda: amasungidwa pa kutentha kwa madigiri 37, amafuna kuwasinthira chakudya pafupifupi tsiku lililonse, ndipo sadziwa Lamulungu kapena Khirisimasi. Kuwalera mpaka asanduke maselo a muubongo kumatenga masabata, nthawi zina miyezi, ndipo tsiku limodzi losasamala nkhungu imalowa m'mbale nkupha ntchito yonse. Mwana amene adawetapo nkhuku chitopa chili pakhomo, kapena kuthirira nazale ya fodya m'mawa ndi madzulo mwezi wa October, aidziwa kale ntchito yotere kuposa momwe aganizira.

Kwa ife aphunzitsi, ntchito yathu ndi yaing'ono koma ndiyo maziko. Ambiri tilibe labotale yokwanira, koma kuphunzitsa mwana kulemba chimene waona, osati chimene buku lanena kuti aone, sikufuna magetsi. Nyemba zikakana kumera m'botolo, asakopere za mnzake. Alembe kuti sizidamere, ndipo afunse chifukwa chake. Tikamapatsa malikisi mwana amene wakonza manambala kuti afanane ndi yankho la m'buku, tikulera Hwang wamawa. Tikamakalipira mwana wofunsa funso limene sitikudziwa yankho lake, tikulemba lipoti la Gurdon kachiwiri.

Mtsikana uja ndidamuitana m'mawa mwake ndisadayambe phunziro, ndipo pamaso pa anzake ndidavomera kuti yankho langa lidali loperewera. Ndidamuuza kuti alipo amene akuyesa, kuti sadafikebe, ndi kuti agogo ake chimene chingawathandize lero ndi mafizo ndi kusadumphitsa mankhwala. Adakhala chete kanthawi, kenaka adafunsa kuti ku yunivesite amafuna mapointi angati. Kaya adzafika ku Lund, kaya adzakhala namwino pa chipatala cha kwawo, zimenezo ndi za m'tsogolo. Chimene ndikudziwa n'chakuti tsopano amakhala kutsogolo, ndipo mafunso ake sandipatsa mpumulo.